Mneni -tsagana ndi Malire a Msintho Wochitirana: Umboni wa Chichewa cha kwa Zingalume

1.0 Mawu Oyamba

Pepala lino likuunika chiphunzitso chimodzi chimene chinakhazikika pa kaphunzitsidwe ka malamulo a chilankhulo m'sukulu za ku Zambia ndi ku Malawi komwe, chakuti mphatikira -an- akaikidwa pa mneni amapereka tanthauzo limodzi lokha, la kuchitirana. Tikufuna kuonetsa kuti chiphunzitsochi, ngakhale chili choona pa aneni ambiri, chimalephera kufotokoza mneni -tsagana pamodzi ndi aneni ena onena za anthu oyenda pagulu. Mfundo yathu ndi yakuti mwa aneni otere -an- sasonyeza ntchito imene munthu wachitira mnzake, mnzakeyo n'kumubwezera. Amasonyeza ulendo umodzi umene eni ake ndi angapo.

Zitsanzo zathu ndi ziganizo wamba za Chichewa cholankhulidwa kwa Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, m'Chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia. Bomali lachita malire ndi dziko la Mozambique, ndipo Zingalume ndi imodzi mwa mafumu a Achewa amene ali pansi pa Kalonga Gawa Undi. Tasankha dera la kumudzi chifukwa kumeneko ulendo wa kumaliro, wa kuchigayo, wa kuchipatala kapena wa kubwalo la milandu kawirikawiri sukhala wa munthu mmodzi, choncho aneni osiyanitsa mayendedwe a pagulu amagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Talemba ch pamene kalembedwe kovomerezedwa ndi Unduna wa Maphunziro wa Zambia mu 1977 kamalemba c. Kanyenyezi (*) kakusonyeza chiganizo chimene eni chilankhulo sangachilole, ndipo chizindikiro cha funso (?) chikusonyeza chiganizo chomveka koma chosakhala bwino m'khutu.

2.0 Chiphunzitso Chimene Tikuchiunika

Mwana wa sukulu amaphunzitsidwa kuti msintho wochitirana umapangidwa poika -an- pakati pa muzu wa mneni woyambukira ndi lembo lotsiriza -a. Zitsanzo zopatsidwa zimakhala zonga izi:

(1) a. Anyamata awiri anamenyana kudambo.
b. Mkamwini ndi apongozi ake amalemekezana.

Njira yoyesera msinthowu ndi yosavuta. Chiganizo chilichonse cha mu (1) chimatheka kugawidwa pawiri, -an- n'kuchotsedwa:

(2) Mkamwini amalemekeza apongozi ake, ndipo apongoziwo amalemekeza mkamwini.

Pa aneni ngati -menya, -lemekeza, -konda ndi -thandiza palibe chotsutsa. Akatswiri anafufuzanso mozama za msinthowu. Sam Mchombo ndi R. M. Ngalande, mu nkhani yawo ya mu 1980 m'magazini ya Bulletin of the School of Oriental and African Studies, anaonetsa kuti aneni ochitirana a m'Chichewa ayenera kuonedwa ngati mawu opangidwa paokha, okhala ndi malo awoawo m'nkhokwe ya mawu a chilankhulo. Mu 1994 Mary Dalrymple, Mchombo ndi Stanley Peters analemba m'magazini ya Linguistic Inquiry kuti -an- amasandutsa mneni woyambukira kukhala wosayambukira, ndipo kuti pa kapangidwe ka chiganizo iye ndi wosiyana ndi mawu amene Chingerezi chimagwiritsa ntchito pa tanthauzo lomwelo. Mchombo anabwereranso ku nkhaniyi m'buku lake la mu 2004, The Syntax of Chichewa.

Dandaulo lathu silili ndi akatswiriwa. Lili ndi mwambo wa m'kalasi umene unatenga tanthauzo limodzi la -an- n'kuliyesa lamulo lopanda mpata. M'kuona kwathu, gwero la vutoli ndi lakuti mabuku oyamba ofotokoza chilankhulo chathu analembedwa m'Chingerezi, kulembera owerenga Chingerezi. Tikunena za mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa mu 1892, umene Alexander Hetherwick anaukonzanso mu 1929, komanso buku la malamulo a Chichewa la Mark Hanna Watkins la mu 1937. Mabukuwa ndi chuma chathu, koma wolembera mlendo amayamba wafunsa kuti chinthu ichi chikufanana ndi chiyani m'chilankhulo cha mlendoyo. Dzina la msintho litamasuliridwa kuti "wochitirana", dzinalo linayamba kulamulira zimene mphunzitsi ndi mwana angaone mwa mneni.

3.0 Kapangidwe ka Mneni -tsagana

Taonani ziganizo izi:

(3) a. Amayi a m'mudzi muno anatsagana popita kuchigayo.
b. Mtsikana anatsagana ndi azakhali ake kuchipatala.
c. Dikirani pang'ono, titsagane.

Pali zinthu zitatu zimene zikulekanitsa -tsagana ndi aneni a mu (1).

Choyamba, tikachotsa -an- sipatsala mneni wonena za ulendo amene olankhula a lero angamuzindikire:

(4) *Mtsikana anatsaga azakhali ake kuchipatala.

Chachiwiri, njira yogawa chiganizo pawiri imakanika. Tikayesa kugawa (3b), -an- amakana kuchoka: mtsikana anatsagana ndi azakhali, azakhalinso anatsagana ndi mtsikana. Ziganizo ziwirizi zikunena chinthu chimodzi. Mu (2) munali ntchito ziwiri, ulemu wa mkamwini ndi ulemu wa apongozi, ndipo wina akanatha kuusiya wake mnzake n'kupitiriza. Mu (3b) muli ntchito imodzi yokha. Mmodzi akapatuka, kutsagana kwatha kwa onse awiri.

Chachitatu, woyenda naye sangalowe mwa mneni ngati pamtherankhani, ndipo mneniyu salandira msintho wochitidwa:

(5) a. *Ndinamutsagana kumsika.
b. *Azakhali anatsaganidwa ndi mtsikana.
c. Ndinatsagana naye kumsika.

Mneni -tsagana sali yekha pa khalidwe limeneli. Mneni -kumana alibenso muzu woima pawokha wonena za kupezana. Mneni -limbana akuchokera ku -limba, yemwe ndi wosayambukira, kotero kuti palibe amene "amalimba" mnzake kuti mnzakeyo amubwezere. Aneni onsewa akunena za chochitika chimodzi chosatheka ndi munthu mmodzi.

Umboni wina ukuchokera kwa mneni amene muzu wake ulipo ndithu. Kanjira ka kumunda kamakhala kopapatiza, ndipo anthu amayenda mondondozana:

(6) Ana asanu akutsatana pakanjira ka kudimba.

Woyamba pamzerewo sakutsata aliyense, ndipo wotsiriza palibe amene akumutsata. Palibe ana awiri pagululo amene aliyense akutsata mnzake. Komabe chiganizochi n'cholondola, ndipo palibe Mchewa angachikane. Mwana wa sukulu akatsatira lamulo la kuchitirana monga analiphunzirira, ayenera kunena kuti anawo akuzungulira bwalo, zimene chiganizo (6) sichikunena.

Zilankhulo zina za Chibantu zikuchitira umboni womwewo. M'Chiswahili, kufuata ndi kutsata, koma kufuatana ndi kuyendera limodzi. Kuandamana ndi kuyenda pamdipiti, ndipo dzina lakuti maandamano, lotchulira zionetsero za mumsewu, linachokera pamenepo. M'Chinyarwanda, kujya ndi kupita, ndipo kujyana ndi kupita ndi wina, ngakhale kuti kujya ndi mneni wosayambukira. N'chifukwa chake Thilo Schadeberg, polemba za misintho ya aneni m'buku la The Bantu Languages la mu 2003, anatchula -an- ndi dzina lotanthauza kuchitira limodzi, n'kuika kuchitirana pansi pa dzina limenelo. Pa kaonedwe kotere, -tsagana si mneni wopunduka kapena wosamvera lamulo. Iye akuonetsa tanthauzo lalikulu la mphatikirayu, ndipo kuchitirana ndi nthambi yake imodzi.

4.0 Mneni -tsagana Pakati pa Anzake

Tanthauzo la mneni limaoneka bwino tikamuika pambali pa aneni amene amasinthana naye malo. Tiona anayi: -perekeza, -tengana, -tsogozana ndi -khamukira.

4.1 -perekeza

Mneni uyu ndi woyambukira. Amalandira pamtherankhani ndiponso msintho wochitidwa: ndinamuperekeza, anaperekezedwa. Kusiyana kwake ndi -tsagana kuli pa funso lakuti ulendo ndi wa yani.

(7) a. Ndinamuperekeza mpaka pamphambano, ine n'kubwerera.
b. Tinatsagana mpaka pamphambano, kenaka aliyense analowera kwake.

Mu (7a) ulendo ndi wa mlendo, ndipo mwini mudzi wangobwereketsa miyendo yake mwaulemu. Mu (7b) onse awiri anali paulendo. Ngakhale woperekeza akafike kumene mnzake akupita, monga woperekeza wodwala kuchipatala, chifukwa cha ulendowo chimakhala cha mnzakeyo. Pachifukwa chimenechi, pamaliro anthu amasankha mneni mosamala:

(8) a. Mudzi wonse unaperekeza malemu kumanda.
b. ?Mudzi wonse unatsagana ndi malemu kumanda.

Chiganizo (8b) sichinaswe lamulo lililonse la kapangidwe, koma womva angadzidzimuke nacho, pakuti chikupereka ulendo wa wakufa kwa amoyo. Woperekeza amabwerera. Tanthauzo lomweli ndilo lili m'mawu otonza akuti "anangoperekeza anzake", onenedwa kwa mwana amene walephera mayeso: anafika nawo m'chipinda cholembera, koma zotsatira zaonetsa kuti ulendowo sunali wake.

4.2 -tengana

Muzu -tenga ulipo ndipo ndi woyambukira, choncho mphunzitsi angayese kuti apa lamulo la kuchitirana likugwira. Koma taonani:

(9) Akuluakulu atatu anatengana n'kupita kukaonekera kwa mfumu.

Palibe amene ananyamula mnzake. Mneniyu akuloza pa chiyambi cha ulendo, pamene anthu anamvana, anaitanana, nanyamuka ndi cholinga chimodzi. Mgwirizano umenewu ndi umene ukumveka anthu akamanena za mnyamata ndi mtsikana kuti "anangotengana", kutanthauza kuti analowana popanda ankhoswe. Anthu angathe kutsagana atangokumana panjira, koma sangatengane mwangozi.

4.3 -tsogozana

(10) Mwini mbuzi ndi mwini munda anatsogozana ulendo wa kubwalo.

Monga tinaonera pa -tsatana, anthu awiri sangakhale aliyense patsogolo pa mnzake nthawi imodzi. Mneniyu akunena za gulu limene lili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kawirikawiri amamveka pamene pali nkhani yofuna kukathetsedwa, wina asakufuna kuti mnzake amuzembe panjira. Mneni -tsagana sanena kanthu za amene ali patsogolo.

4.4 -khamukira

Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, umene unayambanso kuchitika mu 1984, pamene mafumu amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Za tsikuli munthu anganene ziganizo ziwiri izi:

(11) a. Anthu anakhamukira ku Mkaika.
b. Mfumu inatsagana ndi nduna zake ku Mkaika.

Mneni -khamukira akuchokera ku dzina lakuti khamu. Alibe -an-, komabe munthu mmodzi sangakhamukire. Anthu a mu (11a) sakudziwana; ena achokera ku Chadiza, ena ku Mchinji, ena ku chigawo cha Tete, aliyense njira yake. Chowaphatikiza ndi malo amene akupitako, ndipo n'chifukwa chake mneniyu amafuna dzina la malo. Anthu a mu (11b) aphatikizidwa ndi njira.

Tikasonkhanitsa zimene taonazi, tikupeza kuti Chichewa chimagawa ulendo wa pagulu mwadongosolo. Mneni -tengana amayang'ana ponyamukira, -tsagana amayang'ana m'njira, -khamukira amayang'ana kofikira, -tsatana ndi -tsogozana amayang'ana kaimidwe ka anthu pamzere, ndipo -perekeza amanena kuti pagulupo mwini ulendo ndi mmodzi. Dongosolo limeneli silioneka konse kwa amene wangouzidwa kuti -an- ndi kuchitirana.

5.0 Mwininkhani ndi Mperekezi "ndi"

Mneni -tsagana amalowa m'chiganizo m'njira ziwiri. Oyendawo angaime onse pamalo a mwininkhani, monga mu (3a), kapena mmodzi angaime yekha pamalopo, winayo n'kubwera pambuyo pa mneni motsogozedwa ndi mperekezi "ndi", monga mu (3b). Mchombo anafotokoza kuti njira yachiwiriyi imathandiza kupewa mkangano wa agwirizanitsi pamene mayina awiri ali a magulu osiyana, vuto limene Greville Corbett ndi Al Mtenje analifufuza mu nkhani yawo ya mu 1987 m'magazini ya Studies in African Linguistics. Chitsanzo ndi ichi:

(12) a. ?Mbusa ndi ng'ombe anatsagana kudambo.
b. ?Mbusa ndi ng'ombe zinatsagana kudambo.
c. Mbusa anatsagana ndi ng'ombe zake kudambo.

Mgwirizanitsi a- akusandutsa ng'ombe kukhala anthu, pamene zi- akusandutsa mbusa kukhala chinthu. Chiganizo (12c) chapewa zonse ziwiri.

Kufotokoza kumeneku n'koona, koma sikunathe nkhani, chifukwa olankhula amasankha njira yachiwiri ngakhale pamene palibe mkangano wa magulu:

(13) a. Agogo anatsagana ndi mdzukulu wawo kumsika.
b. Mdzukulu anatsagana ndi agogo ake kumsika.

Ulendo ndi womwewo, koma (13a) ndi yankho la funso lakuti agogo anapita ndi yani, ndipo womva amamva kuti agogowo anamutenga mwanayo. Chiganizo (13b) chikuyankha funso lakuti mwana ali kuti, ndipo chikumveka kuti mwanayo anapita nawo. Choncho mneni akunena kuti onse ndi eni ulendo, pamene malo a mwininkhani akusonyeza amene nkhani ili pa iye. Ponena za mfumu, wolankhula mwaulemu amaiika pamalo a mwininkhani monga mu (11b). Akafuna kuyamba ndi nduna, kawirikawiri amasintha mneni n'kunena kuti nduna zinaperekeza mfumu, kuti asamveke ngati akulinganiza mfumu ndi anthu ake. Kumenyana sikulola kusankha kotere, pakuti aneni amene angalowe m'malo mwake amasintha chochitikacho.

Njira yachiwiriyi ndi imenenso imalola -tsagana kutuluka pa maulendo a anthu n'kunena za zinthu zobwera nthawi imodzi:

(14) Mvula ya dzulo inatsagana ndi mphepo yamkuntho.

Pano palibe angaganize kuti mvula inachitira mphepo kanthu. Chatsala ndi tanthauzo lenileni la -an- mwa mneniyu, la kukhalira limodzi m'chochitika chimodzi.

6.0 Kufunika kwa Nkhaniyi

Wina angafunse ngati kusiyana kumeneku kuli ndi phindu kunja kwa chipinda cha akatswiri. Tikuona malo atatu pamene kulakwitsa kuli ndi mtengo.

Malo oyamba ndi m'kalasi. Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'Zambia zimene zimaphunzitsidwa m'sukulu, ndipo ndicho chophunzitsidwa ku Chigawo cha Kum'mawa ndi ku Lusaka. Mphunzitsi akalemba -tsagana pamndandanda wa aneni ochitirana n'kuuza ana kuti apeze muzu wake, mwana womvera adzalemba *-tsaga, mawu amene sanawamvepo kwa makolo ake. Mwana wa kwa Zingalume, amene amagwiritsa ntchito mneniyu molondola chiyambire ali wamng'ono, amaphunzira pamenepo kuti khutu lake si lodalirika ndipo kuti chilankhulo cha m'buku ndi china. Phunziro la malamulo a chilankhulo liyenera kupatsa mwana mayina a zimene akuzidziwa kale, osati kumulanda.

Malo achiwiri ndi pabwalo la milandu. Tiyerekeze kuti ng'ombe zabedwa usiku, ndipo mnyamata wina anaonedwa panjira ndi woganiziridwa. Mnyamatayo angayankhe m'njira zitatu:

(15) a. Ndinangomuperekeza.
b. Ndinatsagana naye.
c. Tinatengana.

Mu (15a) akukana kuti ulendo unali wake. Mu (15b) akuvomera kuti anali paulendo umodzi, koma sananene kuti anapangana. Mu (15c) wavomera mgwirizano. Pabwalo la mfumu, pamene mlandu umakambidwa m'Chichewa, akuluakulu amamva kusiyana kumeneku popanda wowauza. Koma m'makhoti a majisitireti, m'mene mawu a mboni amalembedwa m'Chingerezi kudzera mwa womasulira, mayankho atatuwa angathe kusanduka chiganizo chimodzi ngati womasulirayo anaphunzitsidwa kuti aneniwa ndi ofanana. Pamenepo munthu angasenze mlandu umene sanauvomere, kapena kupulumuka pa umene anauvomera.

Malo achitatu ndi m'mabuku otanthauzira mawu. Mtanthauziramawu wa zilankhulo ziwiri amakakamizika kufunafuna liwu la Chingerezi loyandikira, ndipo liwu limodzi lingathe kuphimba -tsagana ndi -perekeza pamodzi. Kutuluka kwa Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ya ku Zomba mu 2000 kunatsegula njira yofotokozera mawu athu m'chilankhulo chathu chomwe. Njirayi idzapindula ngati olemba a m'tsogolo adzapewa kutanthauzira mneni pongotchula mnzake wofanana naye. Kulemba kuti kutsagana ndi kuperekeza, kenaka kuti kuperekeza ndi kutsagana, kumamuzunguza wowerenga osamufikitsa kulikonse. Kufunika kwa ntchitoyi kukukula chifukwa m'Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka mawu akuti "kuyenda na" amagwira ntchito zambiri zimene kumudzi zimagawidwa pakati pa aneni angapo. Sitikunyoza kalankhulidwe ka m'tauni, kamene kali ndi malamulo akeake. Tikungonena kuti mwana wokulira kumeneko adzakumana ndi -tsagana ndi -tengana makamaka m'buku, choncho bukulo liyenera kuwafotokoza moona.

7.0 Mawu Omaliza

Taonetsa kuti -tsagana alibe muzu woima pawokha, sagawika kukhala ntchito ziwiri, ndipo salandira pamtherankhani. Taonetsanso kuti -tsatana, -tengana ndi -tsogozana, ngakhale mizu yawo ilipo, satanthauza kubwezerana ntchito. Pa zifukwa zimenezi tikupereka maganizo atatu kwa olemba mabuku ndi aphunzitsi.

Poyamba, mutu wa -an- ugawidwe pawiri: msintho wochitirana, wa aneni ngati -kondana ndi -menyana, ndi msintho wochitira limodzi, wa aneni ngati -tsagana, -tengana ndi -tsatana. Njira yogawa chiganizo pawiri, imene taigwiritsa ntchito mu (2), ndi yokwanira kuti mwana asiyanitse yekha magulu awiriwa. Kachiwiri, ana auzidwe poyera kuti aneni ena, monga -tsagana ndi -kumana, amapezeka ali ndi -an- kale, ndipo funso lofuna muzu wawo lisafunsidwe pamayeso. Kachitatu, aneni a ulendo wa pagulu aphunzitsidwe pamodzi, aliyense ndi chiganizo chake, kwa ana a sukulu ndiponso kwa ophunzira ntchito yomasulira, ndipo pa chiganizo chilichonse afunsidwe kuti ulendo ndi wa yani, nanga anthuwo aphatikizidwa ndi chiyani: ponyamukira, njira, kapena kofikira.

Makolo anati kuyenda awiri si mantha. Anthu amene anaona kuti kuyenda ndi mnzako ndi nzeru anasiyanitsanso mosamala mitundu ya kuyenda kumeneko, ndipo kusiyanitsako kuli mwa aneni amene tawaunikawa. Kafukufuku wotsatira angayese mfundo yathu pa aneni a ntchito zina za pagulu, monga za kumunda ndi za kudambwe, kuti aone ngati kugawa -an- pawiri kukugwiranso kumeneko.